Roti Wong'aluka wa Wezzie

Wezzie anali ndi vuto. Vuto lake linali mbale.

Mbaleyo sinali yake. Inali ya Anti Mariam, a khomo loyandikana ndi lawo ku Edmonton, m'dziko la Canada. Anti Mariam anabadwira kumpoto kwa India. Loweruka lililonse ankabweretsa roti m'mbale yobiriwira.

Roti ndi buledi wopyapyala. Ndi wozungulira ngati chivundikiro cha poto. Safuna yisiti. Amangofuna ufa, madzi ndi mchere.

Koma Anti Mariam anadwala. Anasiya kuphika. Anasiya kuseka. Anasiyanso kudya.

Amayi a Wezzie ndi nesi. Anapita kukawaona. Anabwerako nkhope ili yakugwa.

"Akapanda kudya, awatengera kuchipatala," anatero Amayi. "Mwina pano sabwereranso."

Wezzie anayang'ana mbale ija. Munalibe kanthu.

Amayi ankakonda kunena mawu ena. "Mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu." Kwawo ku Malawi amatero.

"Ndiwapangira roti," anatero Wezzie.

Anatsegula kabati. Ufa wa tirigu munalibe. Munali ufa wa chimanga wokha.

"Ufa ndi ufa," anatero Wezzie. Mwana ameneyu akaganiza chinthu, samva za munthu.

Anathira ufa m'beseni. Anathira mchere. Anathira madzi ozizira. Anakanda, anakanda. Ufa unakana kugwirana.

Anatenga botolo. Analigudubuza pamwamba pa ufawo. Roti anang'aluka. Anayesanso. Roti anang'alukanso. Anayesanso. Roti anangonyenyeka.

Wezzie anakhala pansi. Ufa unali kumaso. Ufa unali m'tsitsi. Anayamba kulira.

"Anti apita," anatero. "Sindidzawaonanso."

Amayi analowa m'khitchini. Anaona beseni. Anaona thumba la ufa.

"Mwana wanga, ufa uwu ndi wa nsima," anatero. "Umamva madzi otentha. Ndimadziwa zokhazo. Za roti sindizidziwa."

Amayi anathira madzi otentha. Ufa unagwirana pang'ono. Wezzie anasiya botolo. Anaumba roti ndi manja. Pha, pha, pha. Amayi anamuika m'chiwaya.

Roti anapsa. Koma sanali wopyapyala. Sanali wozungulira. M'mbali monse anali wong'aluka. Pakati anapserera.

"Anti sadya zimenezi," anatero Wezzie. "Ngakhale nkhunda za pa siteshoni sizingadye."

"Mwina sadya," anatero Amayi. "Koma mbale ipite."

Wezzie ananyamula mbale. Anagogoda. Analowa.

Anti Mariam anali chigonere pa sofa. Supu wa dzulo anali pa tebulo. Sanamukhudze.

"Sindikufuna kanthu, mwana wanga," anatero Anti. Mawu awo anali otsika kwambiri.

Wezzie anaika mbale pa tebulo. Misozi inalengeza m'maso. Anatembenuka kuti azipita.

"Ima kaye," anatero Anti. "N'chiyani chikununkhira?"

"Pepani, Anti. Ndalakwitsa. Ndaika ufa wa chimanga."

Anti anadzuka pang'onopang'ono. Anatenga roti uja. Anamununkhiza. Anasisita ming'alu yake ndi chala.

"Kwathu timapanganso roti wa chimanga," anatero. "Timadya nthawi yozizira. Amayi anga ankaumba ndi manja. Ankang'aluka chonchi. Papita zaka zambiri ndisanamulawe."

Anti ananyema kachidutswa. Anadya. Wezzie sanaphethire. Anti ananyemanso. Anadyanso.

"M'fuliji muli batala," anatero Anti. "Kanditengere."

Wezzie anathamanga. Anabwera ndi batala. Anti anapaka. Anadya roti yense. Anatola ndi nyenyeswa zomwe.

"Mchere wachepa," anatero Anti. Kenako anamwetulira. "Tenga mbaleyi. Mawa ubwere nayonso."

Amayi anali kudikira pakhomo. Nawonso anali ndi nkhawa.

"Zayenda bwanji?" anafunsa.

Wezzie anangowaonetsa mbale.

Amayi anasuzumira. Munalibe kanthu. Anaseka, misozi ili m'masaya. Anamukumbatira Wezzie, ufa ndi ufa womwe.

"Lero lokha," anatero Amayi, "mbale yopanda kanthu ilowe m'nyumba muno."