Mwala Umene Unkamwa Madzi

"Ndani walowa kuchipinda kwanga?"

Agogo Seitoku anafunsa ataima pakhomo la kukhitchini, kapu yakale yobenthuka ili m'manja. Sanakweze mawu. Chiharu anali akudya mpunga wam'mawa.

Mayi ake, a Sachie, anali atavala kale zakuntchito. Ankachapa zovala kukampu ya asilikali a ku America, kuseri kwa mpanda wawaya umene unayambira kumapeto kwa msewu wawo. Anasuzumira m'kapumo, nkhope n'kugwa.

"Amalume, mwala uli kuti?"

"Ndikanadziwa ndikanabwera kuno kudzakufunsa iwe?"

"Chiharu, wauona?"

"Ine sindinaone mwala uliwonse," anatero Chiharu, maso ali m'mbale.

Limenelo linali bodza lamkunkhuniza. Chiharu, mtsikana wazaka khumi ndi zinayi, anali atangokhala miyezi itatu m'nyumbayi. Bambo ake atamwalira ku Osaka, iye ndi mayi ake anabwerera ku Okinawa kudzasamalira amalume a mayiwo, amene maso awo anali atachita khungu. Inali nthawi ya tchuthi, ndipo aphunzitsi anapereka ntchito yoti aliyense akalembe kunyumba. Chiharu anasankha nkhondo zimene dziko la America linamenya. Anagula pepala lalikulu, n'kulemba mizere yowongoka ndi lula. Bokosi loyamba dzina la nkhondo, lachiwiri chaka, lachitatu zotsatira zake. Ankafuna kuti pepala lake likapachikidwe pakhoma la sukulu, anzake atsopano asiye kumutchula kuti mlendo.

Dzulo lake, agogo ali kuchipatala, Chiharu analembera pakhonde. Mphepo inkakweza pepalalo. Ngodya zitatu anazipsinja ndi nsapato ndi botolo, yachinayi inasowa chopsinjira. Ndiye anapisa dzanja pawindo la agogo n'kutenga kamwala kamene kankakhala m'kapu. Atamaliza, anakaponya pabwalo osayang'ana n'komwe. Pabwalopo ndi pamene lole inali itangothira miyala yoyera sabata yathayo, kuti galimoto ya mayi ake isamatitimire m'matope. Miyala yankhaninkhani, yonse yofanana.

Mayi ake anamukokera kugeti n'kumunong'oneza mofulumira, basi yakuntchito ikumveka kale pakona.

"Ukafune pansi pa bedi lawo, mwina unagwa. Mwala umenewo ndi mayi awo."

"Mayi awo bwanji?"

"Mafupa sanapezeke, mwana iwe. Amene sanapeze mafupa ankatola mwala pamalo pamene munthu wawo anaonekera komaliza. Zaka zonsezi akhala akukana kuuika kumanda, ati mwina mafupa adzapezeka. Chaka chino avomera. Lamlungu likubwerali tikutsegula manda, ndipo tsiku lotsegulira limabwera kamodzi pachaka. Iwo akuti chaka chamawa sadzakhalapo."

Tsikulo linali Lachisanu.

Mayi atapita, Chiharu anaima pabwalo n'kuyang'ana miyala ija. Sankakumbukira ngakhale mbali imene anaponyera. Anaganiza pang'ono. Mwala ndi mwala, ndipo munthu wake saona. Anasankha umodzi waukulu ngati dzira la nkhunda, n'kuutsuka ndi sopo, n'kuupukuta pa siketi yake.

"Agogo, ndaupeza! Unagubuduzikira kuseri kwa mwendo wa bedi."

Agogo Seitoku anatambasula dzanja. Anaufumbata mwalawo, n'kuuyendetsa ndi chala chachikulu kamodzi kokha. Kenaka anaununkhiza.

"Mayi ameneyu wamugula golosale iti?"

"Agogo?"

"Akununkhira sopo, ndipo akukanda ngati lilime la mphaka. Maso ndi amene anafa, mtsikana iwe, osati zala. Tenga mayi wakoyu."

Chiharu analira kaye, kenaka ananena zonse: za mphepo, za pepala, za pabwalo.

Ndege ya asilikali inadutsa pamwamba pa denga, mawindo n'kunjenjemera, ndipo onse awiri anadikira kuti ithe, monga amachitira aliyense wa m'deralo.

"Ndiye mayi anga agona panja," anatero agogo, "pamene galimoto ya mayi ako imadontheza mafuta."

"Sindinadziwe, agogo. Palibe anandiuza."

"Kusadziwako ndakumva. Nanga sopoyu? Nayenso palibe anakuuza?"

Chiharu anabisa mwala wasopowo kumbuyo.

"Tulutsa mpando wanga. Ubweretsenso chipepala chakocho, ndimve chimene mayi anga anagwirira ganyu."

Anawakhazika pakhonde. Iye anagwada pamiyala n'kuyambira kugeti, kutola uliwonse wooneka wosalala, kudzaza m'manja, kupita nawo kwa agogo. Iwo ankangokhudza n'kuponya m'ndowa. Uwu ayi. Uwunso ayi. Dzuwa linakwera, miyala inayamba kutentha, mawondo a Chiharu anasupuka.

"Pumula," anatero agogo ndowa itafika pakati. "Werenga."

Chiharu anatambasula pepala lija. "Nkhondo yomenyera ufulu kwa Angerezi, inatha 1783. America inapambana. Nkhondo ndi Mexico, inatha 1848. America inapambana, inatenga malo ambiri. Nkhondo yapachiweniweni, inatha 1865. Akumpoto anapambana, ukapolo unathetsedwa."

"Imeneyo bola, inasiya kanthu. Pitiriza."

"Ya ku Korea, inaima 1953. Palibe anapambana. Ya ku Vietnam, America inachoka osapambana."

"Imeneyo ndinamenya nawo."

Chiharu anadzutsa mutu. "Inu? Munali msilikali?"

"Msilikali wa chiyani? Ndinali wonyamula katundu kuseri kwa mpanda uwo. Mabokosi olemera, kukweza m'malole, malole kupita kundege, ndege kupita ku Vietnam. Ukuganiza kuti munali maswiti? Ndinkadziwa bwinobwino chimene chinali m'katimo, ndiponso ndinkadziwa chimene chimachitika zikagwera pa anthu. Koma munda wa bambo anga unali utalowa m'kati mwa mpanda, ndiye ndikanadya waya? Msana uwu sunawongokenso. Walemba za msana wanga?"

"Ayi, agogo."

"Wadumpha ina. Usandinamize kawiri tsiku limodzi. Werenga yathu."

Chiharu anabwerera pamzere umene anadumpha. "Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, inatha 1945. America ndi anzake anapambana. Japan inagonja."

"Basi?"

"Basi. Bokosi lake ndi laling'ono."

"Eya, n'zoona zimenezo, sunaname. M'mabuku mwanumo nkhondo imatha ngati mpira. Wina wagoletsa, wina wagonja, aliyense kwawo kukasamba." Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Bwerera pamiyala. Ndilankhula uli kugwira ntchito, ndipo sindibwereza."

Chiharu anagwadanso.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinathawira kumwera, tinabisala m'phanga. Amene anatitulutsa m'phangamo si a ku America ayi, anali asilikali a Japan, amene ankati abwera kudzatiteteza. Ankafuna malowo. Zimenezonso ulembe, usakondere. Tinayenda masiku atatu, mabomba akugwa kuchokera kunyanja ndi kumwamba. Kunalibe madzi. Tsiku lachitatu mayi anandikhazika m'munda wa nzimbe, pansi pa khoma lamiyala. Anati, 'Khala pompano, usasunthe, ndikatunge madzi.' Anatenga ketulo. Ine ndinakhala. Ndinali mwana womvera, osati ngati ena."

Chiharu sanaseke. Manja ake anali ataima.

"Ndinakhala masiku awiri. Amene anadzanditola anali msilikali wa ku America, mnyamata wamfuti yaitali, nkhope yofiira ngati nkhanu yophika. Ndinkadikira kuti andiphe, poti ndi zimene ankatiuza. Iye anatsegula botolo lake, anamwa kaye kuti ndione kuti mulibe poizoni, n'kundipatsa. Ndinamwa madzi a anthu amene mabomba awo anapha mayi anga, ndipo anali okoma. Imeneyo uiike m'bokosi liti?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Inenso sindikudziwa, ndipo ndaganiza zaka makumi asanu ndi atatu. Nkhondo itatha, azakhali ananditengera kumunda kuja. Tinafuna, osapeza ngakhale ketulo. Anati tola mwala pakhomapo, uitane mayi ako, tizipita nawo kunyumba. Ndinatola. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndimawathira madzi m'kapu muja, chifukwa anafa ali ndi ludzu." Anatembenuza nkhope kuloza kumsewu. "Lero sanamwe. Dzulo usiku sindinapapase m'kapumo. Koyamba."

Chiharu anayang'ana bwalo lonselo. Kunali kutatsala malo aakulu kuposa amene anafufuza, ndipo dzuwa linali pamutu. Miyala inkathobwa m'maso. Penapake m'menemo munali mayi amene anapita kukatunga madzi, ali gone padzuwa. Anadzuka, anapita kumpopi n'kulumikiza payipi yothirira maluwa.

"Ukutani? Madziwo timalipira."

"Sindikudziwa pamene ali, agogo. Ndithira ponseponse, amweko kaye. Kenaka ndipitiriza kufuna."



Chiharu anayambira kugeti, pang'onopang'ono, osadumpha malo. Miyala yatsopano ija inali yokhakhala, yamabowomabowo. Inkameza madzi nthawi yomweyo n'kusanduka yotuwa. Anathira pakati, anathira m'mbali mwa khoma. Atafika pafupi ndi mtengo wa papaya, anaona kanthu kakunyezimira. Kamwala kamodzi sikanameze madzi. Madziwo anakhala pamwamba pake, kakuwala ngati diso, chifukwa zala za munthu mmodzi zinali zitakasalaza kwa moyo wonse.

Anatseka mpopi. Anakatola ndi manja awiri, n'kuyenda nako mosamala ngati wanyamula supu yodzaza mbale. Sananene kuti ndaupeza. Anangokaika m'dzanja la agogo.

Chala chachikulu chija chinayenda kamodzi. Chinayendanso kachiwiri, n'kuima pakamphako kena kam'mbali. Agogo anafumbata dzanja, n'kuliika pachifuwa.

"Mwachedwa, mayi," anatero chapansipansi. Kenaka anakweza mawu. "Iwe, ukuyang'ana chiyani? Kapu!"

Chiharu anathamanga kukatenga kapu yobenthuka ija. Agogo anaikamo mwalawo, koma botolo la madzi anapatsa iye.

"Thira ndiwe. Pang'ono, usawamize. Uwauzenso dzina lako, sakukudziwa. Akungodziwa kuti pali wina amene anawaponya."

Lamlungu abale anasonkhana kumanda a banja. Amuna anasuntha chimwala chotseka pakhomo, ndipo mwala uja unalowa uli mu mtsuko waung'ono, pafupi ndi malo amene agogo Seitoku anadzisungira. Iwo sanalire. Anangodandaula kuti nyama ya nkhumba imene a Sachie anaphika inali yolimba, n'kudya zidutswa zinayi.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, Chiharu anatulutsanso pepala lake pakhonde. Ngodya zonse zinayi anazipsinja ndi nsapato. Anadula pepala lina, n'kulimata ndi guluu m'mphepete mwa bokosi la 1945, moti linalendewera kunja kwa mizere yowongoka ija.

"Waononga," anatero mayi ake podutsa. "Aphunzitsi sakapachika chinthu chokhota chotero."

"Asapachike," anatero Chiharu. Anatembenukira kumpando. "Agogo, mayi anu dzina lawo anali ndani?"

Agogo Seitoku anayankha ngati akulifuna kutali dzinalo.

"Makato. Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ulembe zooneka, osati zokwalakwala zako zija."

Chiharu analemba pang'onopang'ono. Atamaliza anatenga lula kuti atseke bokosilo ndi mzere. Agogo anamva kugunda kwa lulayo ndipo anatambasula dzanja.

"Usatseke. Usiye malo a dzina lina m'munsimo. Popita kukatunga madzi kuja, mayi anali ndi mwana kumsana."