Jesinta Apita ku Nyenyezi

Jesinta anali mwana wa msodzi. Kwawo kunali ku Nsanje, pafupi ndi dambo lalikulu. Ankadziwa kupalasa bwato. Ankadziwa kuyanika nsomba. Koma ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kuona kompyuta.

Masiku amenewo kompyuta zinali zosowa kwambiri. Koma amalume ake, a Lorenso, ankaigwira tsiku ndi tsiku. Iwo anali kalaliki pa esiteti ya nzimbe ku Chikwawa.

Loweruka lina Jesinta anakwera basi ndi bambo ake, a Hilario. Bambo anaonetsa khadi la chipani kuti awalole kukwera. Anakweza dengu la nsomba zouma. Atafika ku Chikwawa, bambo anapita kumsika. Jesinta anathamangira ku ofesi ya amalume. M'manja anali ndi mlaza womangira nsomba.

Ntchito inali itatha. Ana asanu anali ataunjikana pa tebulo. Pa tebulopo panali kompyuta! Galasi lake linali lakuda bii. M'kati munali timadontho towala.

"Izo ndi nyenyezi," anatero amalume. "Ichi ndi chombo chanu. Ili ndi dziko lathu. Mupite kukaona nyenyezi. Koma mubwerere kwathu mafuta asanathe. Aliyense asewera kamodzi."

Amalume anawaonetsa mabatani. "Ili ndi lopitira kumanja. Ili ndi lopitira kumanzere. Ili ndi locheukira kumbuyo."

"Kucheuka ndi kwa amantha," anatero Geresomo. Geresomo anali mnyamata wamkulu pa onsewo. Pakamwa pakenso panali pakulu.

Geresomo anayamba. Chombo chinathamanga, fyuu! Chinapita kumanja. Chinapita kumanzere. Chinapita kutali, kutali.

"Bwerera tsopano," anatero amalume.

Geresomo anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Nyenyezi zonse zinkangofanana. Piii! Mafuta anatha. Geresomo anasochera.

Wachiwiri anasochera. Wachitatu anasochera. Onse asanu anasochera.

"Musadandaule," anaseka amalume. "Inenso sindinabwererepo."

Jesinta anayandikira mpando. Geresomo anagwira mphuno.

"Iwe wa nsomba, ununkhitsa mabatani," anatero. "Ichi si bwato ayi."

Ana ena anaseka. Jesinta zinamupweteka kwambiri. Misozi inalengeza m'maso. Anafuna kuthawira kumsika. Koma akathawa, mwayi wake utha. Ndipo Geresomo adzanena kuti mwana wa msodzi sangathe.

Jesinta anakhala pampando. Anayang'ana mlaza uja. Anakumbukira bambo ake m'dambo. M'dambo njira zonse zimafanana. Bango uku, bango uko. Pokhota paliponse, bambo amamanga mfundo pa bango. Kenako amacheuka. Amaona mmene njira idzaonekere pobwerera.

Jesinta anadina batani. Chombo chinanyamuka pang'onopang'ono.

"Mayo, kamba uyu!" anatero Geresomo.

Jesinta anafika pa nyenyezi yofiira. "Iwe ndiwe Tsabola," anatero. Anamanga mfundo pa mlaza. Anacheuka. Dziko lathu linali kumbuyo, laling'ono ngati mkanda.

Anafika pa nyenyezi yachikasu. "Iwe ndiwe Dzungu." Anamanga mfundo. Anacheuka. Tsabola anali apo.

Anafika pa nyenyezi yoyera mbee. "Iwe ndiwe Thonje." Anamanga mfundo. Anacheukanso. Dzungu anali apo. Pambali pake panali kanyenyezi kakang'ono.

"Kodi Dzungu uli ndi mwana?" anatero Jesinta. Amalume anaseka.

Kutsogolo kunaoneka chinthu chokongola zedi. Chinali chachikulu. Chinali ndi mphete zowala. Palibe mwana amene anali atachionapo.

"Pita! Pita komweko!" anakuwa ana onse.

Jesinta anafunitsitsa kupita. Koma anayang'ana mafuta. Anali atafika pakati. Bambo akaona dzuwa litapendeka, amatembenuza bwato. Amatembenuza ngakhale nsomba zikugwidwa.

"Ndakuona," Jesinta anauza champhetecho. "Koma ine ndikupita kwathu."

Anatembenuza chombo. Anadutsa Thonje. Anamasula mfundo imodzi.

Kenako anafunafuna Dzungu. Kutsogolo kunali nyenyezi ziwiri zachikasu! Ina kumanja, ina kumanzere. Dzungu ndi uti?

"Wasochera!" anatero Geresomo. "Pita kumanja. Yaikuluyo!"

Jesinta anayang'anitsitsa. Ya kumanja inali yokha. Ya kumanzere inali ndi kamwana pambali.

"Dzungu wanga ndi uyu," anatero. Anapita kumanzere. Anamasula mfundo yachiwiri.

Mafuta anatsala pang'ono. Geresomo anaiwala mphuno yake.

"Tsabola uyo!" anakuwa Geresomo. "Fulumira, Jesinta! Fulumira!"

Jesinta anadutsa Tsabola. Anamasula mfundo yomaliza. Kamkanda kaja kanaoneka. Kanakula. Kanakula. Chombo chinatera pa dziko lathu, phaa! Kompyuta inaimba kanyimbo.

Amalume anagwira pakamwa. "Kanyimbo aka sindinakamvepo!" anatero.

Ana anaomba m'manja. Geresomo anakanda m'mutu.

"Jesinta," anatero chapansipansi, "undigawireko mlazawo."

Jesinta anaung'amba pakati. Anam'patsa.

Pakhomo panali pataima munthu. Anali bambo. Dengu linali lopanda kanthu. Chipewa chinali m'manja. Anali ataona zonse.

"Alamu, mwanayu wapita ku nyenyezi," anatero amalume. "Ndipo wabwerako! Wam'phunzitsa ndani?"

Jesinta analoza bambo ake. "Baba ndi amene anandiphunzitsa," anatero mokweza, kuti onse amve.

Bambo sanadziwe kuti kompyuta imayenda bwanji. Koma mfundo ankazidziwa. Anamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

"Takhuta, mwanawe," anatero. Kwawo amathokoza choncho.

Lolemba m'mawa Jesinta ndi bambo ake anapita kudambo. Jesinta analowera kumbuyo kwa bwato, malo ake a masiku onse.

"Iyayi," anatero bambo. "Khala kutsogolo. Lero mfundo umanga ndiwe."

Jesinta anakhala kutsogolo, khosi lili njo. Anafika pokhota poyamba. Anamanga mfundo pa bango. Anacheuka. Kumbuyo kunali bambo ake, akupalasa, akumwetulira.