Mpando wa Pazenera

Mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti wa bungwe la ophunzira unali pafupi ndi zenera, ndipo Kamtambo ankaukonda chifukwa cha zenera lomwelo. Anzake akamakangana za mpira ndi za nthawi yopuma, iye ankangogwira kuchibwano, maso ali kumwamba, n'kumaonera mitambo ikusanduka ngalawa, kenaka ng'ombe, kenaka nkhope ya munthu woyasamula. Dzina lakelo linachokera pomwepo.

Lolemba lina analowa m'chipinda cha misonkhano n'kupeza mpando waukulu wa kutsogolo uli wopanda munthu. Tayi, pulezidenti wawo, mnyamata amene sankavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, anali atasamuka. Bambo ake anawatumiza kukagwira ntchito kutali, ndipo banja lonse linanyamuka osatsanzika n'komwe.

"Malamulo athu ndi omveka," anatero aphunzitsi a Sayansi, amene ankayang'anira bungwelo. "Pulezidenti akachoka, wachiwiri ndiye amalowa m'malo. Kamtambo, nyamuka pamenepo, udzakhale apa."

"Ine, aphunzitsi?"

"Pali Kamtambo winanso? Ndipo mpando wakowo sungakhale wopanda mwini. Lachisanu utchule amene ukufuna kuti akhale wachiwiri wako, oimira makalasi akweze manja. Akavomera oposa theka, walowa. Akakana, utchula wina."

Mpando waukuluwo unali wouma ngati mwala, ndipo unafulatira zenera. Kutsogolo kwake kunalibe mitambo. Kunali maso okhaokha.

Poweruka, Chiseko anamulanda chikwama. Chiseko anali mnzake wa ponda apa nane mpondepo kuyambira ali tiana, ndipo ankaimira kalasi yawo m'bungwemo.

"Apulezidenti sanyamula katundu," anatero akuseka. "Ndiye Lachisanu ndivale chiyani? Usavutike n'kuganiza, mnzanga. Ine ndilibe vuto. Ukati kumanzere, ine kumanzere. Ukati mwezi ndi buledi, ine ndibweretsa tiyi."

Kamtambo anaseka mpaka misozi. Njira yonse ankadziona ali ndi Chiseko pamsonkhano, akutsinana pansi pa tebulo, dzuwa likulowa pazenera, fumbi la choko likuyandama pang'onopang'ono ngati tinyenyezi. Zinali zokoma kuziganiza. Koma m'kati mwa kukomako munkamveka mawu a Tayi, amene anamuuza tsiku lomwe anamusankha: "Ndakutenga iwe chifukwa sutsutsa. Uzingokhala, ntchito ndi yanga." Nthawi imeneyo ankayesa kuti akumuyamikira.

M'mawa mwake anakumana ndi Tsabola pampopi. Ameneyu anali mtsikana wa Fomu 3 amene anapikisana ndi Tayi n'kugonja, koma pakamwa pake sipanagonje.

"Moni, mfumukazi ya mitambo," anatero Tsabola. "Musankhe aliyense, ine zilibe nane kanthu. Koma denga la Fomu 1 lija muliiwale ndithu? Ndinalitchula katatu, inu muli kalikiliki ndi mabisiketi. Iwe unali pomwepo, maso ali pazenera ngati mbuzi yoona ndege."

Kamtambo anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Za dengazo sankazikumbuka n'komwe.

Lachinayi kunacha ndi mitambo yokongola kuposa masiku onse, yotuwa pansi, yoyera pamwamba ngati thonje. Kamtambo anaiyang'ana phunziro lonse la Masamu, akuilondola mmene inkasonkhanira pamwamba pa sukulu. Kenaka inagwa mvula. Aphunzitsi anamutuma kukatenga choko ku ofesi, ndipo podutsa pakhonde la Fomu 1 anangoima chilili.

Madzi ankatsika m'mabowo a malata ngati zingwe zasiliva. Ana anali ataunjikana pakona imodzi, mapazi ali pamwamba pa mabenchi. Kamtsikana kena kanabisa kope m'kati mwa juzi, kakunjenjemera, milomo itatuwa. Pakati pa chipindacho panali Tsabola, nsapato zili m'manja, akukolopa madzi ndi tsache kuwatulutsira pakhomo, uku akukalipira denga, mvula, ndi aliyense amene anabadwa ndi makutu osamva.

Kamtambo anayang'ana kumwamba kudzera pabowo lina. Unali mtambo womwe uja, umene m'mawa ankauona ngati ngalawa. Kwa iye unali ngalawa. Kwa ana awa unali madzi ozizira a m'khosi.

"Ukuonerera chiyani?" anakuwa Tsabola. "Gwira ndowa iyo!"

Anaigwira. Choko chija chinafika mochedwa, chili chonyowa.

Lachisanu m'mawa Kamtambo anakokera Chiseko kuseri kwa laibulale.

"Tandiuza zoona. Nditasamuka mawa ngati Tayi, ungakhale pampando waukulu uja?"

"Ine? Ndingafe ine!" Chiseko anawomba m'manja. "Ndingathawe osatseka chitseko. Ine ndikufuna ka pazenera kaja basi. Nanga iwe ukupita kuti?"

"Nayenso Tayi sankapita kulikonse."

Chiseko anasiya kuseka. Anatembenuka n'kumapita.

Masana oimira makalasi anadzaza chipinda. Kamtambo anaimirira. Kumbuyo kwake kunali zenera, koma sanacheuke.

"Ndikutchula Tsabola," anatero.

Panabuka phokoso ngati njuchi zaponyedwa mwala. Mnyamata wina wa Fomu 4 anakuwa kuti, "Ameneyo akudya wamoyo!" Tsabola mwiniwake, amene anali pakhomo pamodzi ndi ongoonerera, anadziloza pachifuwa modabwa.

"Chifukwa chake?" anafunsa aphunzitsi a Sayansi.

"Chifukwa wachiwiri ndi pulezidenti amene sanaitanidwebe, aphunzitsi. Ine anandiitana ndili m'tulo. Sindikufuna kuti zichitikenso."

"Ovomera akweze manja."

A Fomu 1 anakweza msangamsanga, wina mpaka manja onse awiri. Kenaka a Fomu 2, kenaka ena apo ndi apo, monyinyirika. Aphunzitsi anawerenga, nabwerezanso. Anali atapitirira theka pang'ono chabe. Manja a Chiseko anali pamwendo, maso ali pansi.

Tsabola analowa, nagwira mpando wa pazenera uja, n'kuukoka kwee mpaka pafupi ndi mpando waukulu.

"Usayese kuti wandigula," ananong'ona. "Ukalakwa ndizikutsutsa pamaso pa anthu."

"Ndikudziwa. Tiyambe ndi denga. Kwa ahedi tipita tonse, koma uyambe ndi moni usanakalipe."

Poweruka kunkawaza kamvula. Kamtambo anatuluka pageti yekha, chikwama chili pamutu. Msewu unkanyezimira, ndipo m'zithaphwi munali mitambo yozondoka, ikusweka iye akapondamo. Mtima unkamuwawa ndithu. Anayenda osayang'ana kumbuyo, mpaka anamva mapazi akumutsatira.

Anali Chiseko, ali ndi ambulera yake yothyoka nthiti imodzi. Anayenda pambali pake, nkhope itayang'ana kwina.

"Usandilankhule," anatero Chiseko. "Sabata yonse. Mwina ziwiri."

"Chabwino."

"Ndati usandilankhule!"

Anapitiriza ulendo. Atafika pokhotera, Kamtambo anazindikira kuti mvula yasiya kumugwera paphewa. Anakweza maso kuti aone ngati mitambo yapita, koma pamwamba pake panali nsalu ya ambulera.