Besi ya m'Chipinda Chapamwamba

Dzuwa la ku Wakefield, ku England, mu Disembala ndi laulesi. Pomwe ine ndi Akuzike tinkaweruka kuntchito yathu yosamalira okalamba, faifi koloko isanakwane, kunja kunali kutada kale bii. Mnzathu Thoko tinamupeza pa basi.

Mayi Edwina, mzungu wachikulire wa kutchalitchi kwathu, anali atatipempha thandizo. Kanyumba kena kakalekale, momwe ankakhala malemu mbusa wina wopeka nyimbo za Mulungu, kanali pafupi kugwetsedwa. Anati tikaimbiremo nyimbo yake imodzi m'Chichewa, iwo ajambule, akhansala aone kuti zolembedwa m'menemo zinafika mpaka ku Malawi. Zikakanika, Januwale nyumba pansi.

Kunena zoona, ine za nyumbayo sizinkandikhudza. Kungoti mayi aja sakanizika.

M'nyumbamo magetsi anadula kalekale. Monse fungo la nkhungu. Masitepe opita m'mwamba anawatchinga ndi matabwa poti anawola. Mayi Edwina anayatsa tochi, n'kuimika foni pawindo.

Tinayamba. Azimayi atatu, mawu akunjenjemera ndi kuzizira. Ndime yoyamba inatha bwino. Pa yachiwiri ndinamva besi, liwu lachimuna. Chapansipansi, kuchokera m'mwamba.

Ndinayang'ana Thoko. Maso ake anali kudenga, koma kuimba sanaleke. Tinapitiriza, poti nyimbo ya Mulungu suisiyira panjira.

Titamaliza kunangoti zii.

"Odi kumwambako?" anatero Akuzike.

Palibe anayankha.

Mayi Edwina anali akupukuta misozi. "Ndi abusa aja," ananong'ona m'Chingerezi.

"Abusa awowo Chichewa anachiphunzira kuti?" Thoko anatifunsa. "Amene uja amatchula mawu onse bwinobwino."

Ine liwulo ndinalizindikira. Besi ija inkachedwa pang'ono kumapeto kwa mzere uliwonse, n'kukoka liwu lomaliza. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaimba choncho: bambo anga, mkulu wa mpingo ku Ntcheu. Anamwalira chaka chatha. Kumaliro sindinapite, chifukwa ntchito ndinali nditangoyamba kumene ndipo tchuthi anandikaniza. Mpaka lero zimandiwawa.

Koma ku Ntcheu n'kuno? Nyumba ya eni ake anaidziwa bwanji? Ngati ankandifuna, analekeranji kubwera komwe ndimagona? Mutu wanga unaima. Sindinauze aliyense.

Tinamvetsera pafoni tili panja. Besi inalimo, yomveka kuposa ife tonse. Akuzike anati ndi mphepo ya m'chumuni. Thoko anati mphepo yodziwa ndime zinayi sanaionepo. Mayi Edwina anatumiza kwa akhansala momwemo.

Dzulo Mayi Edwina anandiimbira foni akusangalala.

"Tupochile, akhansala zawakhudza! Akuti Lachinayi tikaimbe pamaso pawo asanagamule. Koma anenetsa kuti abambo a besi aja tisawasiye."

Akuzike akuti tingobwereka bambo wina wa kwaya ya ku Leeds, ndani angadziwe. Ine ndakana. Kiyi ndatenga kwa Mayi Edwina, ndipo ndikaweruka lero ndipitako ndekha.

Chomwe sindikudziwa n'choti ndikayambe ndi chiti: kuwapempha bambo anga za Lachinayi, kapena kupepesa.