Ndani Akunenepetsa Chimphepo?

Kanyerere anali mtsikana wamng'ono. Ankakonda kunyamula zinthu zazikulu kuposa iye. N'chifukwa chake ankamutcha Kanyerere.

Kanyerere anali ndi mnzake wapamtima. Mnzakeyo anali kavalo wa pakhomo pawo. Dzina lake linali Chimphepo, chifukwa kale ankathamanga kwambiri. Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti iye ndi Chimphepo asadzasiyane.

Ntchito yodyetsa Chimphepo inali ya Kanyerere. M'mawa ankamupatsa udzu wouma. Masana ankamupatsa udzu wouma. Madzulo ankamupatsa udzu wouma ndi gaga pang'ono. Madzi oyera sankasowa m'ndowa. Mchere wonyambita unali pakhoma la khola.

Koma Chimphepo ankangonenepa. Mimba yake inakula ngati mgolo. Kuthamanga anasiya. Ngolo ya Ababa ankaikoka akupumira m'mwamba. Ngakhale nkhuku zinkamupitirira pamsewu!

Tsiku lina kunabwera adokotala a ziweto. Anagwira mimba. Anayang'ana ziboda. Anapukusa mutu.

"Kavaloyu wanenepa mopyola," anatero adokotala. "Akapitiriza chonchi, ziboda zimupweteka. Kuyenda kumukanika. Kavalo amafuna udzu wambiri ndi madzi ambiri. Zotsekemera ayi. Ndidzabweranso mwezi wamawa."

Ababa anayang'ana Kanyerere. "Mwanangu, ukumudyetsa kwambiri. Mimbayi ikapanda kuphwa, Chimphepo apita ku famu ya amalume ako."

Famuyo inali kutali zedi. Misozi inalengeza m'maso mwa Kanyerere.

"Si ine, Ababa," anatero.

"Nanga ndani? Wodyetsa ndiwe."

Tsiku lotsatira kunalibe sukulu. Kanyerere analowa m'khola. Anadzikwirira mu mulu wa udzu. Maso okha ndi amene ankaoneka. Udzu unkamuyabwa, koma anangokhala phee.

Chitseko chinati kwee! Analowa Agogo, akuyenda monyang'ama. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anatulutsa bisiketi m'thumba.

"Kamodzi kokha, bwanawe," ananong'ona Agogo. "Usauze munthu."

Kukutu! Kukutu! Bisiketi inatha.

Chitseko chinatinso kwee! Analowa Amayi, akuyenda monyang'ama. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. M'dzanja mwawo munali shuga.

"Pang'ono pokha, mwana wanga wamiyendo inayi," ananong'ona Amayi. "Usauze munthu."

Chimphepo ananyambita. Shuga anatha.

Chitseko chinatinso kwee! Kanyerere anatong'ola maso. Anali Ababa! Iwonso ankayenda monyang'ama. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. M'jekete mwawo munatuluka theka la buledi.

"Tenga, mnyamata wanga," ananong'ona Ababa. "Ntchito ya ngolo ndi yowawa. Usauze munthu. Makamaka Kanyerere."

Pomwepo kaudzu kanalowa m'mphuno mwa Kanyerere.

"Hetsii!"

Ababa analumpha. Phazi lawo linalowa m'ndowa, khuvu!

"Mayo ine!" anakuwa Ababa. "Udzu ukuyetsemula!"

Amayi anabwera akuthamanga. Agogo anabwera akuthamanga, ndodo ataiwala. Kanyerere anatuluka mu mulu muja, udzu uli mbwee m'mutu.

"Ababa, kumbuyoko mwabisa chiyani?" anafunsa.

"Ine? Palibe," anatero Ababa.

Chimphepo anasolola khosi. Anazunguliza mutu kumbuyo kwa Ababa. Anatulutsa buledi.

Amayi anagwira m'chiuno. "Bambo a Kanyerere! Kani buledi wanga akumathera kuno? Manyazi mulibe?"

Chimphepo anasololanso khosi. Ananyambita dzanja la Amayi. Shuga anali adakalipo pa zala. Amayi anabisa dzanjalo kumbuyo.

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu akuluakulu ngati inu! Kuononga kavalo chonchi?"

Chimphepo analowetsa mphuno m'thumba la Agogo. Mabisiketi anagwa pansi, yoyoyo!

Agogo anakanda m'mutu. "Amenewa ndimamwera mankhwala," anatero.

Chimphepo sanayankhule mawu ngakhale amodzi. Koma anali ataulula onse.

Kanyerere sanaseke. Mtima unkamupweteka.

"Agogo, inu mukuti kamodzi kokha," anatero. "Amayi, inu mukuti pang'ono pokha. Ababa, inu ndiye theka lonse! Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kodi mukufuna Chimphepo apite?"

Onse anayang'ana pansi. Ababa anachotsa phazi m'ndowa. Anagwada pafupi ndi mwana wawo, nsapato ikudontha madzi.

"Pepa, mwanangu," anatero. "Ndinakunamizira. Ife timamukonda Chimphepo. Koma tamukonda molakwika."

Kuyambira tsiku limenelo, pakhola panali lamulo. Wolowa aliyense ankayamba wakhutula matumba. Kanyerere ankaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Thumba linalo, Agogo," ankatero.

"Koma mwana uyu ndi wapolisi!" ankadandaula Agogo.

Aliyense anapatsidwa ntchito. Ababa ankatsuka ndowa ndi kuthiramo madzi. Amayi ankapesa ubweya wa Chimphepo. Agogo ankayenda naye m'mawa uliwonse. Chimphepo akachita bwino, Kanyerere ankamupatsa kachidutswa ka karoti.

Poyamba Chimphepo ananyanyala. Ankanunkhiza matumba a Agogo. Munalibe kanthu. Ankanunkhiza jekete la Ababa. Munalibe kanthu. Ankatembenuka n'kuwalozetsa mchira. Koma njala ikamugwira, ankabwerera ku udzu wake. Ankadya pang'onopang'ono tsiku lonse, monga momwe kavalo amayenera kudyera.

Mwezi unatha. Adokotala anabweranso, atavala chipewa choluka ndi udzu. Anagwira mimba. Anayang'ana ziboda. Kanyerere anagwira dzanja la Amayi mwamphamvu.

Adokotala anamwetulira. "Mimba yaphwa. Ziboda zili bwinobwino. Pitirizani chomwechi."

Kanyerere anayang'ana Ababa. "Nanga kwa amalume kuja?"

"Amalume ako akafuna kavalo, apeze wawo," anatero Ababa. "Uyu sapita kulikonse."

Kanyerere analumpha ndi chimwemwe. Anakumbatira khosi la Chimphepo. Amayi anakumbatira Kanyerere. Ababa ndi Agogo anakumbatira onse. Adokotala anawerama kuti atseke chikwama chawo.

Chimphepo anasolola khosi. Kukutu! Kukutu!

"Chipewa changa!" anakuwa adokotala.

Kanyerere anachiyang'anitsitsa chipewacho. Kenako anagwedeza mutu.

"Pepani, adokotala," anatero. "Koma umenewo ndi udzu. Udzu ndi wololedwa."

Onse anaseka mpaka misozi. Adokotala nawonso anaseka. Chimphepo anapitiriza kutafuna mosatekeseka, ali m'khola lake, Kanyerere atamugwira khosi osamusiya.