Usasunthe, Kuwala Kungathawe

Mawu oyamba amene mnyamatayo anamuuza sanali moni ayi. Anali akuti, "Musasunthe."

Mtsikanayo anali pa siteji ya basi, atanyamula nsalu yoyala pabedi yoyera mbee. Ankakaipereka kwa kasitomala wa kumalo ochapira zovala kumene ankagwira ntchito. Pambali pake panali bambo wosoka nsapato, ndipo kutsogolo kwa bamboyo kunagwada mnyamata wa kamera. Dzuwa linali kumbuyo kwa wosoka nsapatoyo, moti nkhope yake inali bii. Koma mtsikanayo atatembenuka kuti aone ngati basi ikubwera, nsalu ija inalandira dzuwa n'kuliponya pankhope ya bamboyo.

"Musasunthe, chonde. Mwakhala bwino pomwepo."

Anaima chilili. Basi inabwera, inadzaza, inapita. Iye sanasunthe.

Atamaliza, mnyamatayo anamuonetsa chithunzicho pa kamera. Anachikulitsa mpaka panatsala diso lokha la bamboyo, n'kuloza kadontho koyera kamene kanali m'kati mwake.

"Mukukaona kakuwala aka? Ndinuyo. Popanda inu diso ili likanakhala lakufa."

Ndani angamunene mtsikanayo? Munthu ukauzidwa kuti ndiwe kuwala kwa m'diso, umaiwala ndi kumene umapita komwe. Nsalu ija inafika kwa mwini wake dzuwa litapendeka.

Anthu a mumsewuwo ankamutcha wojambulayo Mwetulirani, chifukwa ndi mawu amene ankauza aliyense, ngakhale wobwera kudzajambulitsa chithunzi cha pa chiphaso. Iyenso anamupatsa mtsikanayo dzina. Linabwera pa foni tsiku lomwelo: "Kadzuwa kanga, lero ndapeza chimene kamera yanga imasowa. Usalowe msanga."

Kadzuwa anauwerenga uthengawo mpaka foni inatha moto.

Sipanapite nthawi, Mwetulirani anamupempha kuti asiye zochapazo azidzamugwirira rifulekita, chipangizo choponyera kuwala pojambula. Akulu ake a Kadzuwa, amene ankamusunga, sanakondwe nazo. Anamukumbutsa kuti wojambula amauza aliyense kuti wakongola, poti ndiyo ntchito yake, ndipo chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kadzuwa anayankha mothamanga magazi. Pamaso pa alamu ake ndi ana, anati akulu akewo akumuchitira nsanje chifukwa iwo palibe amene anawauzapo mawu okoma. Akulu akewo sanakalipe. Anangomuthandiza kupinda zovala, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mbama.

Anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa situdiyo, mmene munkasungidwa nsalu zakumbuyo zojambulira. Bedi lake linali pakati pa nsalu ya mitambo ndi ya nyumba yachifumu.

Rifulekitayo inali chinthu chozungulira, chachikulu ngati ambulera, chopepuka, chopindika ukachipotoza ndi manja awiri. Kadzuwa anaitcha lichero. Ntchito yake inali kutapa dzuwa n'kulithira pamene pali mthunzi. Unkaigwira mopendeketsa, n'kuona kachigamba ka kuwala kakuthamanga pansi, kenako n'kukakweza pang'onopang'ono, pachifuwa, pachibwano, mpaka kakhale pansi pa maso. Ukatsitsa kwambiri munthu ankaoneka ngati mzukwa. Mphepo ikaomba, licherolo linkafuna kuuluka nawe limodzi.

Linali ndi mbali zingapo. Yoyera inali yofatsa, ya makanda ndi okalamba. Yasiliva inali yaukali, ya tsiku la mitambo, ndipo inkalizitsa anthu misozi. Panalinso yagolide, imene inkakhala yobisika m'kati, yotsekeredwa ndi zipi.

Mbali imeneyo Kadzuwa anaionapo kamodzi kokha. Tsiku lina kulibe makasitomala, Mwetulirani anatsegula zipiyo, anayedzamiritsa licherolo kukhoma, n'kumukhazika Kadzuwa pampando. Kuwala kofunda kunamugwera pamasaya. Pachithunzipo anaoneka ngati munthu amene sanavutikepo chibadwire.

"Mbali iyi sindijambulira kasitomala," anatero Mwetulirani, akutseka zipi. "Ndi ya mkazi wanga yekha. Tidzaitsegulanso tsiku lojambula chithunzi cha pa khadi la ukwati wathu."

Kadzuwa anakhoma chithunzicho pamwamba pa bedi lake.

Mvula inagwa, inasiya, inagwanso. Kadzuwa anafika poidziwa ntchito moti sankadikiranso kuuzidwa. Ankadziwa kuti mkwatibwi wa chipewa chachikulu amafuna kuwala kochokera m'munsi pang'ono, ndipo bambo wa dazi amafuna mbali yoyera. Anapita ku maukwati osawerengeka, koma sanaonekemo m'chithunzi ngakhale chimodzi. Malo ake anali m'mphepete, manja ali m'mwamba, mapewa akuyaka moto. Chimene chinkamutonthoza chinali kadontho kaja. Akakulitsa chithunzi cha mkwatibwi aliyense, ankadzipeza m'diso mwake.

Akafunsa zokaonekera kwa makolo, Mwetulirani ankamugwira chibwano mwachikondi n'kumuuza kuti kuwala kwabwino kumafuna kudikira. Mwezi uno kunali kamera yatsopano. Mwezi winawo amayi ake sankapeza bwino. Akaona kuti nkhope ya Kadzuwa yagwa, ankatumiza uthenga ali m'chipinda chinacho: "Usasunthe, mtima wanga. Wakhala bwino pomwepo."

Nanga akanasunthira kuti? Ntchito yochapa ija analowapo wina. Khomo la akulu ake analitseka yekha ndi pakamwa pake. Nthawi zina ankalemba uthenga wopepesa, n'kuufufuta. Akanauyamba bwanji? Kuti munkanena zoona? Iye sanafune kuti zikhale zoona.

Tsiku lina m'mawa Mwetulirani anamutuma kukatenga mafulemu kwa kalipentala wa kutsidya kwa tauni. Ali m'basi, foni inalira: "Usathamange, Kadzuwa. Lero kulibe ntchito. Uzungulireko m'masitolo, upume." Anamwetulira. Mwamuna woganizira mnzake ndi ameneyu!

Koma kalipentalayo anali atamangiratu mafulemuwo, ndipo m'masitolo Kadzuwa analibe choti akaone. Anabwerera masana omwewo.

Chitseko cha situdiyo chinali chotseka, koma kuseri, pabwalo la khoma la maluwa, kunkamveka kuseka kwa mkazi. Kadzuwa anazungulira. Choyamba kuona chinali lichero lija, litaimikidwa pampando, litatsamiritsidwa ndi njerwa. Zipi inali yotsegula. Golide yense anali panja, akunyezimira.

Mtima wake unadumpha. Mwina n'chifukwa chake anamutuma kutali? Mwina lero ndi tsiku lija?

Kenako anamuona mkaziyo. Anali wamtali, wa diresi yotuwira, wotchi ya anamwino ili lendee pachikwama chake. Kamera inali pa choimikira cha miyendo itatu. Mwetulirani anali atavala malaya amene Kadzuwa anasita dzulo lake.

Mphepo inaomba, licherolo linagwa, n'kugubuduka mpaka pamapazi a Kadzuwa.

"Ndi mlongo wako uja?" anafunsa namwinoyo, nkhope ili ngwee. "Mwabwera bwino, alamu. Chinthuchi chatigwera kangapo. Tatigwirirani, mwina inu chingakumvereni."

Alamu!

Kadzuwa anayang'ana Mwetulirani. Mwetulirani anayang'ana njerwa ija. Munthu amene ankapeza mawu okoma a aliyense, lero analibe ngakhale amodzi.

Kadzuwa anaika mafulemu pansi. Sanadziwe kuti wawerama liti. Anangopeza lichero lili m'manja, poti manjawo sankadziwa china. Analipendeketsa, kachigamba ka kuwala kanathamanga pansi, kanakwera diresi ija, kanakhala pamasaya a namwinoyo.

Namwinoyo anali wochezeka, ndipo zimenezo ndi zimene zinaipiratu. Anafotokoza kuti chithunzicho n'cha pa khadi la ukwati wawo, amayi ake akuchidikira kuti akasindikize. Anati wakhala akufuna kudzamuona mlamu wakeyo, koma nthawi zonse ankauzidwa kuti watumidwa. Anamuyamikira posiya zake zonse n'kubwera kudzathandiza mchimwene wake.

"Akuti mbali yagolideyi sajambulira kasitomala," anatero, akuseka mwamanyazi. "Akuti ndi ya mkazi wake yekha. Amuna awa ndi pakamwa!"

Kadzuwa analakalaka kukuwa, koma akakuwa agona kuti? Kachipinda kaja n'kake Mwetulirani. Ntchito n'njake. Ngakhale dzina limene ankadziwika nalo mumsewu wonsewo linali lopatsidwa ndi iyeyo. Akangokhala chete, mawa adzadzuka ali ndi bedi, ali ndi lichero, ndipo adzakhala mlamu mpaka kalekale. Mwinanso pa ukwatiwo adzamupatsa malo ake a m'mphepete.

Mwetulirani anadina batani la kamera kuti ijambule yokha, n'kuthamangira pambali pa namwinoyo. Anamukoleka dzanja m'chiuno. Kagetsi kofiira kanayamba kuphethira. Kuwala kwa golide kunawagwera onse awiri, ndipo anaoneka bwino kwambiri moti Kadzuwa anadana ndi luso lake lomwe. M'maso mwa namwinoyo munali kadontho kaja.

Lichero linapendekeka m'manja mwa Kadzuwa, kuwalako kunagwedezeka. Ndipo Mwetulirani, mwachizolowezi chabe, maso ali pa kamera, milomo ikumwetulira, analankhula.

"Usasunthe. Wakhala bwino pomwepo."

Kadzuwa anatsitsa manja.

Mthunzi unabwerera pankhope zonse ziwiri, ndipo kamera inalira kuti tcha! Inajambula anthu awiri a nkhope zakuda bii, dzuwa lili kumbuyo kwawo.

"Mwatopa, alamu?" anafunsa namwinoyo.

"Ndatopa ndithu, koma ine si mlamu wanu, achemwali." Mawu ake anatuluka otsika kuposa mmene ankayembekezera. "Lowani chitseko icho. Pamwamba pa bedi pali chithunzi. Mukaone mbali imene anajambulira."

Namwinoyo anachotsa dzanja la Mwetulirani m'chiuno mwake pang'onopang'ono, ngati akuchotsa bandeji pachilonda. Analunjika kuchitseko chija.

Apo m'pamene mawu a Mwetulirani anabwerera. Anati Kadzuwa sakumvetsa, nkhaniyi ndi ya makolo, mtima wake uli kwa iye yekha. Anamutchula maina onse okoma amene anamupatsapo. Kadzuwa anapotoza licherolo ndi manja awiri, linapindika, analisiya pampando n'kuikapo njerwa kuti lisauluke. Sanatenge kanthu m'kachipinda kaja. Munali namwino, ndipo ankamveka akulira.

Pa siteji, wosoka nsapato uja anamupatsa moni, koma Kadzuwa anangomudutsa. Anatulutsa foni n'kulembera akulu ake mawu amene anawafufuta kambirimbiri: "Munkanena zoona. Ndikubwera." Anatumiza asanasinthe maganizo. Yankho silinabwere. Kodi amutsegulira? Alamu ake enieni amuyang'ana bwanji? Sanadziwe.

Foni inalira. Anaitsegula mtima uli m'mwamba, koma sanali akulu ake.

"Kadzuwa kanga, ndikudziwa uli pa siteji. Usasunthe, ndikubwera ndikufotokozere."

Anawerenga kawiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti miyendo yake inamvera. Inaima nji, monga tsiku loyamba lija, ndipo mtima wake wopusawo unayamba kale kumukonzera Mwetulirani zifukwa. Basi inafika, anthu anayamba kukwera. Kumapeto kwa msewu kunaoneka malaya aja amene anasita, akuthamanga.

"Mukukwera, achemwali, kapena mukudikira wina?" anafunsa kondakitala.

Kadzuwa anakwera. Anakhala pawindo la mbali imene kunalibe dzuwa, anaika manja pamiyendo, ndipo m'pamene anamva mmene mapewa ake ankapwetekera. Analira njira yonse.