Chaja ya Manja Aafupi

Chloe ankafuna kuona mlongo wake wakhanda.

Khandalo linabadwa m'mawa, kuchipatala cha ku Romford. Koma Chloe anali ndi chimfine. Wachimfine sayandikira khanda. Ndiye anatsala kunyumba, ku Ilford. Anatsala ndi azakhali ake, a Tabeth.

Adadi anati, "Tikuimbira madzulo. Umuona pa foni."

Azakhali amakonda kuluka. Amaluka tinsalu tokhuthala. TV ili ndi kansalu kake. Firiji ili ndi kansalu kake. Ngakhale ketulo ili ndi kansalu kake! Ukangokhala phee, nawenso akuphimba.

Masana foni ya Azakhali inazima. Batire linatha.

Chloe anathamangira patebulo. Pamenepo pamakhala chaja ya Adadi. Ndi yozungulira ngati kambale. Waya wake umapita kukhoma, osati mu foni. Foni imangogona pamwamba, n'kumadzaza.

Koma lero chaja inali itavala. Inavala tinsalu titatu: kofiira, kobiriwira ndi kachikasu.

"Imamva kuzizira," anatero Azakhali. "Kuno ku London si kwamasewera."

Chloe anaika foni pamwamba pa tinsalu. Anadikira. Zii. Anadikiranso. Zii.

Chloe anachita mantha. Foni ikapanda kuyaka, mlongo wake samuona.

"Aunty, it's not charging!"

"Kapena magetsi athima?" anafunsa Azakhali. Anayatsa getsi. Getsi linayaka.

Pamenepo Chloe anakumbukira mawu a Adadi. Tsiku lina anamuuza kuti, "Mphamvu ya chaja iyi ili ndi manja aafupi. Pafupi imagwira zolimba. Ukatalikira pang'ono, imafooka. Ukatalikiranso, yatha."

Chloe anayang'ana tinsalu. Anayang'ana Azakhali. Tinsaluto analuka okha, ndi manja awo. Chloe sankafuna kuwakhumudwitsa.

Anagwada pansi. Chichewa chake n'chochepa, koma anayesa.

"Azakhali, pepani. Foni iyandikire."

"Iyandikire kuti, mwanawe? Si iyi ili pompa?"

Chloe anapinda mikono yake. Anagwedeza tizala. "Chaja, manja aafupi," anatero.

Azakhali anaseka mpaka kukhosomola. "Chabwino, tiyese."

Anachotsa kofiira. Zii.

Anachotsa kobiriwira. Zii.

"Koma kachikasu aka ndiye kokongola kuposa tonse," anadandaula Azakhali. Anakasisita pang'ono. Kenako anakachotsa.

Foni inagona pa chaja penipeni.

Ting! Kagetsi ka pa chaja kanayaka.

Azakhali ananyamula foni pang'ono. Kagetsi kanazima. Anaibwezera. Ting! Anainyamulanso. Anaibwezeranso. Ting!

"Aunty, stop!" anakuwa Chloe. "Isiyeni idye!"

Foni inadya. Kenako inayaka. Madzulo inalira.

Anali Adadi. Anatembenuza foni yawo. Chloe anaona Amami ali pabedi. Pachifuwa pawo panali kamutu kakang'ono, katsitsi kakuda bii.

"Uyu ndi Themba," anatero Amami.

Chloe anayang'anitsitsa. Anamukonda pomwepo.

"Bwanji alibe malaya?" anafunsa.

"Akufunda kutentha kwanga," anayankha Amami. "Pasakhale nsalu pakati. Akhale pafupi penipeni."

Chloe anadumpha. "Mami! Themba akuchaja!"

Adadi anaseka. Amami anaseka. Themba anangoyasamula.

Azakhali anapukuta misozi ndi kansalu kachikasu kaja. Kenako anatambasula dzanja.

"Sendera kuno, Chloe. Nanenso manja anga ndi aafupi."

"Koma ndili ndi chimfine."

"Chimfine chakocho sindichiopa."

Chloe anasendera. Anasenderanso. Anatsamira pachifuwa pa Azakhali.

"Ting!" anatero Chloe.